Kuyenda wapansi mpaka ku Bhanga Nek: choti muope kwenikweni ndi chiti?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Turffontein, mu Johannesburg:

"Akulu, ndine bambo wa zaka 41. Kwathu ndi ku Mangochi, koma kuno ku Joni ndakhalako zaka 9, ndimagwira ntchito ya zomangamanga. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa zithunzi za kwawo ku Kosi Bay, kumalire ndi Mozambique, ndiye chionereni mtima sukukhazikika. Tapangana anthu 6 a mpingo umodzi, kuphatikizapo mayi akunyumba, mwana wathu wa zaka 12 ndi alamu anga omwe ali ndi shuga. Tikufuna ntchito zikatsekedwa mu Disembala tikayende wapansi kuchokera pomwe madzi a Kosi amathirira m'nyanja yamchere mpaka kugombe la Bhanga Nek, tikagone pamchenga, tiwedze, mawa lake tibwerere. Za madzi sindikuda nazo nkhawa, ndinakulira m'bwato. Chikundiopsa ndi njoka ndi kusochera m'nkhalango. Akunyumba akuti tizisiye, tingopita ku Durban ngati anzathu. Kodi ulendowu ndi wotheka kapena ndi misala?"

Achimwene, si misala ayi. Anthu amayenda njira imeneyi chaka ndi chaka, ena achikulire kuposa inu, ena ali ndi ana, ndipo amabwerako bwinobwino, atangothimbirira ndi dzuwa. Kulibe phiri lokwera ndi zingwe, kulibe phompho. Ngakhale alamu anu a shugawo akhoza kupita, bola akonzekere. Koma m'kalata yanu chandidetsa nkhawa si njokazo. Ndi mawu aja akuti za madzi simukuda nazo nkhawa. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuperekeza magulu kugombe limeneli, njoka ndaziona mwa apo ndi apo, zambiri zili paliwiro kuthawa. Anthu amene ndawaona akuvutika, anavutika ndi dzuwa, ludzu, mchenga ndi nyanja. Ndipo amene amanditopetsa kwambiri kuwalondera ndi anzathu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, chifukwa amafika kale akuidziwa nyanja.

Ndiyambe ndakuuzani komwe mukupitako. Kosi Bay ndi nyanja zinayi zolumikizana, zomwe zili kuseri kwa zitunda zazitali za mchenga zomera nkhalango. Yoyamba kuchokera kunyanja yamchere ndi Makhawulani, kenako Mpungwini, kenako Nhlange yomwe ndi yaikulu pa zonse, ndipo yomaliza ndi Amanzimnyama. Madzi amayamba ndi mchere pamathiriro, n'kumatsitsimuka mukamalowera mkati. Bhanga Nek ndi pamalo pomwe mtunda wolekanitsa Nhlange ndi nyanja yamchere wachepa kwambiri, moti mukakwera pachitunda mumaona madzi mbali zonse ziwiri. Dera lonseli lili m'malo otetezedwa a iSimangaliso Wetland Park, omwe UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1999. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikugwetsa theka la mapulani anu. Kuchokera pamathiriro kukafika ku Bhanga Nek motsata gombe ndi makilomita oposa 12. Kwa munthu wozolowera kuyenda wapansi kuchoka ku Turffontein kupita m'tauni, nambala imeneyi ndi yoseketsa. Pamchenga si choncho.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Nyanja ya kwathu ija madzi ake amakwera ndi kutsika potsata mvula ya chaka. Pomwe munamangirira bwato m'mawa ndi pomwe mumalipeza madzulo. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena masiku a mdima wa mwezi, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumafika cha m'mamita awiri. Musaganize za mamita awiriwo ngati kuya kokha. Pagombe lotsetsereka pang'onopang'ono, ndiye kuti bwalo lonse la mchenga lomwe munayendapo 9 koloko limakhala lili pansi pa mafunde pofika 3 koloko. Madzi akaphwa amasiya mchenga wonyowa, wolimba, woti phazi silititimira, ndipo munthu amayenda makilomita 4 pa ola osamva kanthu. Akadzaza amakukankhirani kumtunda, kumchenga wouma wotentha, komwe phazi lililonse limalowa mpaka m'kakolo n'kuterereka chammbuyo. Kumeneko makilomita awiri pa ola ndi chamuna, ndipo akatumba amayamba kukokana. Ndiye tsiku loyenda silisankhidwa poona kuti abwana apereka liti tchuthi. Limasankhidwa poona ndandanda ya madzi, yomwe mungaipeze pa intaneti kapena kwa eni malo ogona a kumeneko. Chabwino chake n'chakuti kugombe la dziko lino, masiku a mwezi wathunthu ndi a mdima, madzi amaphwa kwambiri cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa. Mukanyamuka kukungocha, mumayenda madzi akuphwa, ndipo mumafika asanayambe kukuthamangitsani.

Kuti mulowere kummwera, komwe kuli Bhanga Nek, muyenera kuwoloka madzi a pamathiriro. Amaoneka osaopsa, oyera mbee, nsomba zamawangamawanga zikuoneka pansi. Koma nyanja ikamaphwa, madzi a m'nyanja zija amatulukira pakhomo lopapatiza limeneli ndi mphamvu yoti munthu wamkulu atabereka chikwama akhoza kugwa. Mumawoloka pomwe namulondola waloza, pa nthawi yomwe wanena, lamba wa m'chiuno wa chikwama mutamasula, mwana ali pakati pa akuluakulu awiri. Ndipo musavule nsapato. Pamiyala ya pamenepo pamabisala nsomba ina yofanana ndi mwala, ya minga yaululu pamsana, yomwe eni dziko amaiopa kuposa njoka. Wina akabayidwa, phazi alimize m'madzi otentha omwe khungu lingapirire, osati owira, ndipo muthamange naye kuchipatala.

Tsopano za kusambira, ndipo apa mundimvere, achimwene, ngakhale munakulira m'bwato. Mafunde akamaswekera kumtunda, madziwo amafuna pobwererera. Amasonkhana n'kupanga kanjira kothamangira mkati mwa nyanja. Choipa n'chakuti kanjirako ndi kamene kamaoneka kabata: mbali iyi mafunde akuswekaswekera thovu, mbali inayo chimodzimodzi, pakati pali mpata wa madzi odera, osachita thovu. Munthu wanzeru zake amati ndisambe apa pofatsapa, osadziwa kuti walowa pomwe pakukoka. Wosadziwa kusambira amangonyowetsa maondo n'kubwerera. Katswiri ndi amene amalowa mpaka m'khosi, n'kuzindikira kuti gombe likutalikira, n'kuyamba kulimbana ndi madzi molunjika kumtunda. Palibe munthu amene angawapose. Amatopa, ndiye n'kumira. Zikakuchitikirani, lekani kulimbana nawo. Yandamani chagada, madzi amchere amanyamula munthu kuposa a kwathu, kwezani dzanja, kenako sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatuluka m'kanjirako, mafunde akubwezeni. Amene ali kumtunda asadumphiremo chimanjamanja, aponye chinthu choyandama, ngakhale chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Ku Durban kuli anyamata olondera osambira ndi mbendera zawo. Kuno kulibe aliyense. Lamulo langa pagulu ndi lakuti m'nyanja yamafunde madzi asapitirire m'chiuno, ndipo kusambira kwenikweni kuchitikire m'maiwe otchingidwa ndi miyala madzi ataphwa. Abambo ambiri amandikwiyira tsiku loyamba. Ndinazolowera.

Pamchenga mukaona tinthu tabuluu ngati timabaluni ta ulusi wautali, uzani mwana asatigwire. Timaluma ngakhale titafa. Wina akalumidwa, chotsani ulusiwo ndi kamtengo, tsukani ndi madzi a m'nyanja, kenako thirani madzi otentha pang'ono. Zoti muthirepo mkodzo zija ndi nkhambakamwa.

Za mwezi wa Disembala sindikubisirani: ndikanakhala ine ndikanadikira. Kuno ku Johannesburg tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wouma, ndipo ukalowa pamthunzi thukuta limauma. Kugombe kuja mu Disembala kutentha kumapitirira madigiri 30 ndipo mpweya umakhala wodzaza chinyezi. Thukuta limangoyenderera osauma, choncho thupi silizizira. Pagombe palibe mtengo woti muusepo, ndipo pofika 11 koloko mchenga umawotcha kudzera m'masilipasi. Ndi nyengonso ya mvula yamabingu, ya udzudzu wambiri, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi anamondwe a m'nyanja ya India amatha kufika mpaka kumeneko, monga anachitira Domoina mu 1984. Miyezi yokoma ndi Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti. Masana kumafunda bwino, usiku kumazizira pang'ono, nyanja imakhalabe yofunda chifukwa cha madzi ochokera kumpoto, udzudzu umachepa, malo ogona satsekeratu ndi anthu, ndipo kuyambira mu Juni mumaona anangumi akudutsa chapatali akupemerera madzi m'mwamba. Tchuthi cha sukulu cha pakati pa chaka chingakukwanireni. Koma ndikudziwa kuti wa zomangamanga tchuthi chake ndi cha Disembala basi, ndipo kupempha masiku mu Julayi n'kuika ntchito pachiswe. Ngati ndi choncho, pitani, koma musinthe kayendedwe. Mu Disembala dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane. Nthawi imeneyo mukhale mutanyamuka kale, ndipo pofika 10 koloko mukhale muli pamthunzi, kaya mwafika kaya simunafike. Zoti mupite lero mubwerere mawa wapansi njira yomweyo, mu Disembala, muli ndi mwana ndi munthu wa shuga, ndakana. Yendani ulendo umodzi wopita, ndipo pobwerera mukonzeretu galimoto ya 4x4 kapena bwato lodutsa pa Nhlange.

Madzi akumwa ndi katundu wolemera pa zonse, ndipo ndi amene anthu amachepetsa akamalongedza. Munthu aliyense anyamule malita 3, ndipo mu Disembala 4. Panjira palibe mjigo, palibe golosale, ndipo ozungulirani onsewo ndi amchere. Imwani pang'onopang'ono musanamve ludzu. Tengani timapaketi ta ORS ku famase, tofanana ndi Thanzi uja wa kwathu, kapena sakanizani nokha masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi. Mowa udikire madzulo mutafika. Mkodzo ukayamba kufiira ndi kuchepa, mutu ukuwawa, ndiye kuti mwachedwa kale kumwa. Koma chizindikiro choopsa ndi munthu akayamba kuyankhula zosagwirizana, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa kapena kukomoka. Ameneyo si wotopa, thupi latenthedwa mopitirira ndipo akhoza kufa. Mugonekeni pamthunzi, ngakhale wa chitenje chogwiridwa ndi anthu awiri, m'vuleni zothina, m'thireni madzi a m'nyanja thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo imbani 112, nambala ya zangozi, nthawi yomweyo. Mwana muzimuyang'ana kawirikawiri, chifukwa ana a msinkhu umenewu sanena akatopa, amaopa kusekedwa. Chipewa chachikulu, malaya opepuka a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa ndi za aliyense. Khungu lakuda nalonso limapsa, makamaka milomo, mphuno ndi pamwamba pa mapazi.

Alamu anu apite kukiliniki kudakali milungu ingapo, akafotokoze bwinobwino kuti adzayenda maola 4 kapena 5 padzuwa. Kuyenda kumatsitsa shuga, ndipo kwa amene amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi ena, akhoza kutsika kwambiri panjira kapena usiku wake. Adokotala ndi amene anganene ngati mlingo usinthe tsikulo, osati inu kapena ine. Anyamule kamakina koyezera, masiwiti kapena shuga m'thumba la malaya, osati pansi pa chikwama, ndipo gulu lonse lidziwe kuti akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kusokonezeka, choyamba ndi kuwapatsa chotsekemera. Insulin asaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Ndipo iwowa asayende opanda nsapato ngakhale pang'ono, chifukwa shuga amachititsa dzanzi kumapazi: munthu amachekedwa ndi chigoba kapena kupsa ndi mchenga osamva, n'kudzaona chilonda chitakula. Ngati ali kale ndi chilonda kuphazi, vuto la mtima, kapena shuga wawo sakukhazikika, apite pagalimoto akakudikireni ku Bhanga Nek. Akasangalala chimodzimodzi.

Nsapato musagule zatsopano za ulendowu. Mateki akale omwe phazi linawazolowera, ndi masokosi awiri osinthira, ndi okwanira. Mabutsi akuntchito a chitsulo kutsogolo aja muwasiye, amalemera ndipo akanyowa amasupula. Mchenga ukalowa mu sokosi, imani mukutumule, musati ndikakutumula tikafika. Malo akayamba kutentha pachidendene, matani pulasitala thuza lisanatuluke. Pokonzekera, Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri tengani gulu lonse ku Klipriviersberg, ndi pafupi ndi kwanu komweko, kapena ku Melville Koppies, aliyense atabereka madzi omwe adzanyamule. Miyala ya kumeneko si mchenga, koma mudzadziwiratu amene amatsalira m'mbuyo, ndipo liwiro la ulendo ndi la ameneyo.

Tibwere ku njoka zanu. Zilipo ndithu: mphiri, mamba wobiriwira wa m'mitengo, ndi njoka yolavula yomwe Azulu amati mfezi. Pagombe penipeni simungakumane nazo kawirikawiri. Zili m'nkhalango ndi m'maudzu. Yendani m'kanjira, yang'anani popondapo, musapise dzanja m'mphako kapena m'mulu wa nkhuni, usiku muziyenda ndi tochi mutavala nsapato, ndipo zipi ya tenti izikhala yotseka nthawi zonse chifukwa mfezi amakonda kulowa mogona anthu. Wina akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange ndi chingwe, musataye nthawi kusaka njokayo kapena mankhwala azitsamba. Vulani mphete ndi wotchi, asayendeyende, munyamuleni mupite naye kuchipatala cha Manguzi, tauni yapafupi ndi kumeneko. Akalavuliridwa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposa, kenako kuchipatala. Za mvuu ndi ng'ona sindingaphunzitse munthu wa ku Mangochi. Mungodziwa kuti m'nyanja zinayi zija zilimo, choncho m'mbali mwa Nhlange musayende kukada kapena mbandakucha pamene mvuu zili kumtunda kudya, ndipo musasambemo. Likodzo nalonso lilimo m'madzi opanda mchere a dera limeneli. Kachilombo komwe kadzakupezeni ndithu ndi nkhupakupa, tating'ono kwambiri toti kuona n'kovuta, tomwe timadikira pansonga za udzu. Pisirani thalauza m'masokosi, pakani mankhwala othamangitsa tizilombo monga Tabard kapena Peaceful Sleep, ndipo madzulo muzifufuzana m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo.

Kusochera kwake, pagombe n'kovuta: nyanja ikhale kumanzere, basi. Koma mukangolowa kumtunda, tinjira ta mchenga timagawikana paliponse, topita kumidzi, kumadimba, kumadooko, popanda chikwangwani, ndipo zitunda zonse n'zofanana. N'chifukwa chake ndikuti mutenge namulondola wa konko. Mumamupeza kudzera kumalo komwe mwagona, kapena mnzanu wakuntchitoyo akulumikizeni ndi abale ake. Ndalama yake mukagawana anthu 6 siipweteka, ndipo safunsa anadya phula. Komanso popanda iye mudutsa zinthu zabwino osaziona. Pamathiriro pali mipanda ya mitengo yokhotakhota itazikidwa m'madzi, yomwe imalondolera nsomba kulowa m'khola lozungulira momwe sizingatulukenso. Ndi miono ya anthu a mtundu wa Thonga, yomwe mabanja akhala akusiyirana kwa zaka mazanamazana. Mwini wake amalowamo madzi ali m'chiuno, mkondo wowonda uli m'manja, n'kuima duu, maso pansi, kenako dzanja limangoti tsa, nsomba ili kunsonga ikuphiriphitha. Mipata ya mpandawo anaisiya dala yotakata kuti tiana ta nsomba tizipulumuka. Inu ngati mwana wa msodzi mudzaima pamenepo ola lathunthu. Musakhudze mono wa mwini, mupemphe musanajambule, ndipo Chizulu chanu cha kuntchito chija chidzakuthandizani. Mukakhala ndi tsiku lina lapadera, pemphani akutengereni kummwera kwa nyanjazi, kunkhalango ya chiwale. Masamba ake ndi aatali modabwitsa, pansi pake pali mdima ndi kaziziridwe ngakhale masana, ndipo mtsinje wa Sihadla mumawoloka pa phaka la mapesi a chiwale omangidwa pamodzi, mukudzikoka ndi chingwe, madzi akuda akulowa pakati pa mapesiwo n'kunyowetsa nsapato. Mwana wanu adzakamba za phakalo kuposa za nyanja. Akakupatsani uchema wa mlaza, lawani pang'ono, ulendo ukadalipo.

Zogona pamchenga ndi kusonkha moto pagombe, iwalani. Ndi malo otetezedwa, ndipo mumagona pamalo ovomerezeka okha. Ku Bhanga Nek kuli misasa yoyendetsedwa ndi anthu akumudzi, m'mbali mwa Nhlange kulinso ina, ndipo za Disembala mulipiriretu kudakali miyezi. Polowa pamafunika chilolezo, ndipo magalimoto opita kumathiriro amawerengedwa pa tsiku, choncho funsani a iSimangaliso kapena a Ezemvelo KZN Wildlife, bungwe losamalira zachilengedwe m'chigawocho, musananyamuke. Kuwedza nako kumafuna chiphaso, kuli malo ena oletsedwa kotheratu, ndipo nsomba zili ndi mlingo wake ndi chiwerengero chake. Musabwere ndi ukonde. Chifukwa china choletsera moto ndi matochi pagombe ndi akamba a m'nyanja, ndipo apa ndi pomwe Disembala wanuyo amapambana Julayi wanga. Kuyambira Novembala mpaka Januwale amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi tiana timaswa n'kuthamangira kumadzi. Ntchito yowawerenga inayambira pa Bhanga Nek pomwepo mu 1963. Mtundu waukulu umatha kulemera makilogalamu oposa 500. Kuwala koyera kumawabweza asanaikire, choncho mumapita ndi owonetsa ovomerezeka okha, mwakachetechete.

Msewu wake ndi N17 kudzera ku Ermelo, kenako N2 kudutsa Piet Retief ndi Pongola, n'kukhotera ku Jozini mpaka ku Manguzi. Ndi makilomita oposa 600, tsiku lathunthu, ndipo musayende usiku chifukwa cha ng'ombe, maenje ndi mathiraki a malasha. Ku Manguzi ndi komaliza kugula chakudya, kuthira mafuta ndi kutapa ndalama. Kuchokera pamenepo ndi mchenga wofuna 4x4, ndiye kagalimoto kanu mukasiye pamalo otetezeka, eni msasa adzakutengeni. Kuyendetsa galimoto pagombe kunaletsedwa mu 2001, kutanthauza kuti wina akadwala pakati panjira, musayembekezere kuti padutsa galimoto yoti muimike. Netiweki imabwera ndi kupita, imagwira bwino pamwamba pa zitunda, ndipo nthawi zina foni imalumphira ku netiweki ya Mozambique n'kukudyerani mayunitsi. Musiyireni munthu wa kumsasa ndi wina wa kuno uthenga wa komwe mwalowera ndi nthawi yomwe mufike.

Pali nkhani ina yomwe simunafunse koma ndi ya ife tonse. Kumeneku ndi kumalire. Apolisi ndi asilikali amaimitsa magalimoto pafupipafupi. Aliyense anyamule pasipoti yeniyeni ndi pemiti yake, mwana akhale ndi zikalata zake, zonse zili m'pulasitiki yotseka. Ngati wina pagulu mapepala ake anatha, muuzeni mosapsatira kuti ulendo uno si wake kufikira atakonza. Ndipo pamathiriro musatengeke n'kuyenda cholowera kumpoto kuti mukaone Ponta do Ouro, tauni ya ku Mozambique. Malire ali pamtunda wa makilomita ochepa, ndipo kuwoloka pagombe ndi mlandu.

Chomaliza ndi malungo, ndipo akuluakulu a pagulu panu ndi amene adzatsutse. Adzati ife tinakula nawo. Inde, koma chitetezo chija chimachokera polumidwalumidwa chaka ndi chaka, ndipo munthu akakhala zaka ku Johannesburg, komwe udzudzu wa malungo kulibe, chimatha. Mwana wokulira kuno alibe n'komwe. Kumpoto kwa KwaZulu-Natal malungo ndi ochepa poyerekeza ndi kwathu, koma alipo, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Meyi ndi kufupi ndi malire. Mukapita mu Disembala, funsani kufamase kapena kukiliniki za mankhwala oteteza. Ena, monga Malanil, mumayamba tsiku limodzi kapena awiri musanafike n'kupitiriza masiku 7 mutabwerako. Doxycycline ndi wotchipa koma mumamwa mpaka milungu 4 mutabwerako, amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndipo sapatsidwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana zaka 8. Ngati pagulu pali woyembekezera, asapite m'nyengo ya mvula. Madzulo valani zazitali, pakani mankhwala, gonani m'neti.

Mukabwerako, wina akatentha thupi, kumva mutu, kuphwanya m'thupi kapena kutsegula m'mimba patatha sabata kapena kuposerapo, ngakhale patapita miyezi ingapo, asagule Panado n'kugona. Apite kukiliniki tsiku lomwelo. Kuno madokotala saganiza msanga za malungo, akhoza kunena kuti ndi chimfine, choncho mawu oyamba akhale akuti ndinali ku Kosi Bay kumalire ndi Mozambique, ndiyezeni malungo. Zotsatira zikapanda kuonetsa kanthu koma kutentha kukupitirira, abwererenso mawa lake akayezetsenso. Kusanza chilichonse, maso achikasu, mkodzo wakuda, kupuma movutika kapena kusokonezeka mutu, ameneyo ndi wa kuchipatala chachikulu usiku womwewo. Mukaona kachilonda ka nkhanambo yakuda pakati, mwanabele atatupa ndi mutu woboola patatha masiku 5 mpaka 7, ndi matenda a nkhupakupa, amachizika ndi mapiritsi. Ndipo ngati wina anaponda m'madzi opanda mchere, akayezetse likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu ngakhale asakumva kanthu.

Mayi akunyumba muwaonetse yankho lino, ndipo muwapatse mphamvu yonena kuti tibwerere. Ngati akukayikabe, chitani chonchi: mukagone masiku atatu pamsasa umodzi, tsiku loyamba muyende maola awiri okha cha pamathiriro ndi namulondola, muone momwe mwana ndi alamu achitira, ndipo za ku Bhanga Nek mugamule madzulo a tsikulo mutayang'ana mapazi a aliyense ndi ndandanda ya madzi.